Mbuzi tidadya, koma bondo la mnyamata lidapita

Amene mumandidziwa pamsika wa Limbe mukudziwa kuti ndimagulitsa nsapato za kaunjika, ndipo Lachisanu likakwana benchi ndimasiyira mnyamata, ine uyo ulendo wa kwathu ku Mulanje. Ena mumanong'ona kuti ndili ndi banja lachiwiri kumeneko. Ayi ndithu abale anga, mkazi wachiwiriyo ndi mpira. Kumudzi kwathu, chakumtunda kwa Chitakale, kuli katimu komwe ndimakathandiza. Jezi ndimagula ndine, jombo ndimasankha ndekha ndikamasula belo, ndipo tikapambana anyamata amandinyamula m'mwamba nkumakuwa kuti "bwana! bwana!" Ubwana umenewu ndiwo udandizunguza mutu mu Okutobala 2024.

Womwetsa zigoli wathu adali mwana wa achemwali anga, mnyamata wa zaka 21. Kwathu kuno mwana wa mchemwali ndi wako, akalakwa amafunsa malume ake, akadwala amathamangira kwa malume ake. Ntchito yake idali kabaza. Kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi adali akupalasa, kunyamula anthu ndi matumba, dzuwa lili pamutu. Lachisanu masana timu ina ya cha ku Limbuli idamubwereka, zija timati ganyu ya mpira, adasewera mphindi zonse 90 nkulandira K5,000. Loweruka kudali bonanza yathu. Mkulu wina amene ankafuna uphungu pachisankho cha 2025 adaika mbuzi, mpira ndi kandalama, ndipo poti iyeyo adali ndi misonkhano yambiri, adati zonse zithe m'masiku awiri. Ndiye mnyamata adasewera m'mawa, adaseweranso masana. Fainolo Lamulungu. Werengani nokha: magemu anayi, masiku atatu.

Loweruka madzulo adandipeza pagolosale akutsimphina pang'ono.

"Ankolo, mwendowu ukukoka kuseri kwa ntchafuku, ndiye bondoli likumveka kulemera. Mawa mwina ndingolowa chigawo chachiwiri."

Ine ndidaseka. "Iwe, mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Fainolo yomweyi ukufuna uionere pabenchi?" Ndidamugulira indosidi awiri ndi botolo la Fanta, nkumuuza kuti akagone.

Lamulungu, chigawo chachiwiri chili pakati, adadumphira mpira wa kona. Palibe adamugunda, ndikunenetsa, wotchinga kumbuyo adali patali. Potera mwendo udaponda mopendekeka, bondo lidagwera mkati, ndipo amene adali pafupi akuti adamva kuti phwa! Adagwa osadzukanso. Masapota nthawi yomweyo adayamba kuloza kubenchi ya anzathu aja kuti aponya juju. Tidamukokera kunja, wina adamuthira madzi kumutu ngati vuto lili kumutuko, mpira nkupitirira. Tidapambana pa mapenate. Mbuzi tidaiwotcha usiku womwewo, iye ali chigonere pamphasa, bondo litatupa ngati dzungu.

Funso la adokotala

Sabata yoyamba tidaononga tokha. Agogo ake ankamuthowa ndi madzi otentha m'mawa ndi madzulo, wina adabwera kudzatema mphini, winanso adati alikoke mwamphamvu libwerere m'malo. Bondo limangotupirabe. Titapita naye kuchipatala adajambula nkupeza kuti fupa silidathyoke, ine mtima pansi, ndimvekere basi wangobinya. Koma adokotala a mafupa atagwira mwendo nkuukoka chakutsogolo adapukusa mutu. Adati mkati mwa bondo muli tizingwe tomwe timamanga fupa la ntchafu ndi la msongolo, ndipo kamodzi kaduka. Kachingwe kameneka sikalumikizika kokha ngati fupa la m'chikhakha. Osewera a ndalama amawachita opaleshoni, komabe amatha miyezi pafupifupi 9 asadabwerere m'bwalo.

Kenaka adandifunsa: "Bambo, mnyamatayu sabata imeneyo adasewera magemu angati?"

Nditayankha, adavula magalasi. Ine ndidafulumira kunena kuti palibe adamuchita chipongwe, adagwa yekha. Iwo adati ndi momwe tizingwe timeneti timadukira nthawi zambiri, popanda wokugunda. Minofu ya ntchafu ndiyo imateteza bondo munthu akamatera kapena kukhota mwadzidzidzi. Ikatopa imachedwa kugwira, ndipo katundu yense amagwera pa kachingwe kaja. Ululu umene adaumva Loweruka lidali belu lochenjeza, ine nkulitseka pakamwa ndi indosidi. Potuluka adandiuza mawu amene adandikhala: ati ku America kuli mpira wogundana koopsa kuposa wathu, koma kumeneko wosewera amamuwerengera ntchito ngati momwe wamalonda amawerengera katundu.

Kunyumba achemwali sadakuwe. Adangoti: "Achimwene, mbuzi ija mudadya. Nanga mwanayu adya chiyani?" Njinga ya kabaza idali itatsamira khoma, matayala akuphwa.

Mpira wa anthu ojintcha

Masiku odikira pamzere wa mafizo ndi ambiri, tsono ndidayamba kufufuza pafoni za mpira adanena adokotalawo. Si wathu uno ayi. Mpira wake ndi wosongoka uku ndi uku, amaunyamula m'manja, ndipo amuna ojintcha ovala zipewa zonga za panjinga yamoto amagundana ngati nkhosa zamphongo. Ligi yake yaikulu ndi NFL, ya matimu 32. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 53, koma m'bwalo mumalowa 11, gulu lina lopita kutsogolo, lina lotchinga, ndipo amasinthana mmene angafunire. Kuyambira 2021 timu imasewera magemu 17 m'masabata 18, kutanthauza gemu imodzi pasabata, ndi sabata imodzi yopumula. Mwana wa achemwali anga m'masiku atatu adagwira ntchito imene anthu amenewa amaigwira mwezi wathunthu, iye atadya mbatata ndi tiyi.

Nawonso nzeruzi sadabadwe nazo, adaphunzira pamaliro. Pa 1 Ogasiti 2001 wosewera wa Minnesota Vikings, Korey Stringer, wa zaka 27, adamwalira thupi litatentha mopitirira muyeso pa zokonzekera za nyengo yotentha. Kale makochi kumeneko ankagunditsa anyamata kawiri patsiku, m'mawa ndi masana, ati kuwalimbitsa. Mu 2011 bungwe la osewera lidagwirizana ndi eni matimu kuti zimenezo zithe, ndipo zokonzekera zogundana atavala zida zonse zisapitirire 14 mkati mwa ligi yonse. Lero wosewera aliyense amavala kachipangizo m'zovala za pamapewa komwe kamalemba mtunda umene wathamanga ndi liwiro lake. Amene manambala ake akwera kwambiri amamuchepetsera ntchito asadadandaule nkomwe. Ndipo sabata iliyonse timu imakakamizidwa kulengeza poyera amene wavulala, chimene chikumupweteka, ndiponso ngati wachita nawo zokonzekera. Kubisa ndi mlandu. Ife kuno timabisa dala, ati adani angadziwe mwendo woponda.

Wogunda mutu nkuoneka wozunguzika amamutulutsa, ndipo amamuyeza ndi dokotala amene salipidwa ndi timuyo, kuti kochi asamunyengerere. Izi zidadza osewera akale opitirira 4,500 atasumira ligi chifukwa cha matenda a ubongo. Pa 2 Januwale 2023 Damar Hamlin wa Buffalo Bills adagwa m'bwalo ku Cincinnati mtima utaima. Achipatala adali pomwepo ndi makina odzutsira mtima, ndipo mnyamatayo adachira mpaka kubwereranso m'bwalo. Akuluakulu mukukumbukira Marc-Vivien Foé wa Cameroon amene adagwa ku Lyon mu Juni 2003 osadzukanso. Tsono dzifunseni, pabwalo la pasukulu kwanuko wina atagwa chonchi, alipo angadziwe pogwira?

Musaganize kuti ndikuwayesa angelo azunguwa. Dyera ndi lomwe lija. Magemu adali 16, eni matimu adaonjezera kufika 17 chifukwa cha ndalama za pakanema, ndipo timu ina imasewera Lamulungu nkuseweranso Lachinayi, osewera akudandaula. Anthu amavulalabe kwambiri. Kusiyana kwake nkwakuti kumeneko kutopa amakuyesa chinthu chowerengeka, pamene ife timakuyesa ulesi.

Nanga mpira wathu uno?

Inu okonda kuonera mpira wa ku England m'mavidiyo sho mukukumbukira Rodri wa Manchester City. Mu Seputembala 2024 adauza atolankhani kuti magemu achuluka moti osewera atsala pang'ono kunyanyala. Sabata isadathe, pa gemu ya Arsenal, kachingwe komwe kaja ka m'bondo kadavulala, ndipo mphoto ya Ballon d'Or adakailandira akuyendera ndodo. Munthu wodya bwino, wogona pabwino, wokhala ndi madokotala ake. Mu Julaye 2025 bungwe la FIFA lidalengeza kuti pakati pa gemu ndi gemu pazidutsa maola osachepera 72, ndipo ligi ikatha wosewera azipuma masiku 21. Maola 72 ndi masiku atatu, omwe aja ife tidapanikizamo magemu anayi.

Ngakhale m'ligi yathu yaikulu nkhaniyi si yachilendo. Matimu ndi 16, aliyense magemu 30, kuphatikiza zikho. Mu nyengo ya 2023 FCB Nyasa Big Bullets ya kochi Kalisto Pasuwa idatenga ligi, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup, uku ikusewera ndi TP Mazembe m'chikho cha Africa. Timu yotere imatha chifukwa ili ndi benchi yodzadza, wina akatopa kumalowa wina wofanana naye. Mu 2024 ife a ku Mulanje tidanyadira FOMO itasewera mu TNM Super League pa Mulanje Park, ndipo tidaona ndi maso kuti ligi yaikulu si mphindi 90 zokha. Kuchoka ku Mulanje kukafika ku Karonga ndi makilomita opitirira 800, miyendo itapindika m'basi. Kwa zaka zambiri matimu a m'dziko muno akapita kutali amasewera magemu awiri paulendo umodzi kuti apulumutse ndalama ya mafuta ndi malo ogona. Msungichuma amasangalala, mitsempha ya anyamata ndiyo imalipira.

Koma kumene kuli chipwirikiti chenicheni ndi kumunsi kuno, ku mabonanza ndi zikho za m'madera. Wosewera wa Bullets akachoka pabwalo amakapuma. Wathuyu akachoka pabwalo amakapalasa kabaza, kukathyola tiyi kuesiteti, kusenza matumba pa Limbuli, kapena kunyamula katundu wa alendo kuchokera pa Likhubula kukwera phiri. Thupi silidziwa kuti iyi ndi ganyu, iyi ndi gemu, limangowerenga zonse pamodzi. Ndiye mnyamata wabwino sakhala wa timu imodzi. Amamubwereka uku ndi uku, ndipo palibe kochi amene amadziwa kuti dzulo adali kuti. Pamwamba pa izo ikani bwalo lake: m'chilimwe louma gwa ngati simenti, pakati pali njira ya ng'ombe, pakona pali chulu, ndipo ena mwa mabwalowa adakumbika ndi madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023.

Pano ndikulankhula ndi inu anzanga a pamsika, chifukwa mpira wa kumudzi umayenda ndi ndalama zathu. Ndife timagula jezi, ndife timaika zikho, ndife timakuwa kuti "asatuluke ameneyo!" Ndipo katundu wina wovulaza amachoka pamabenchi athu. Ine ndemwe ndagulitsa jombo zambirimbiri za mano aatali achitsulo. Zimenezo adapangira mabwalo a udzu wonyowa a ku Ulaya. Pa dothi louma la Okutobala munthu amakhala ngati waponda pamisomali, phazi silikhazikika, kapena dzino limakodwa m'ng'alu thupi likukhota. Anyamata amazikonda poti zimalira kwakwakwa pamsewu. Masiku ano wobwera pabenchi panga ndimamufunsa kaye bwalo limene amasewerapo, ndipo wa pa dothi ndimamupatsa ya timano tambirimbiri tatifupi, ngakhale phindu lake ndi lochepa. Inu a m'maokala, mnyamata akabwera atavala kale jezi nkufuna indosidi kapena bulufeni, dziwani kuti sakuchiza kanthu, akungofuna kutseka belu lija. Mankhwala amenewa pamimba yopanda kanthu, munthu akutuluka thukuta padzuwa, amapweteka m'mimba ndi impso.

Kope la ngongole

Ife makina a pamapewa tilibe. Koma ndani pamsika pano alibe kope? Timalemba amene watenga tomato pangongole, tsiku lake, ndi zimene watsala nazo. Ndidagula kope lotero la timu. Wosewera aliyense ali ndi tsamba lake: tsiku, gemu, mphindi zimene wasewera, ngakhale kutimu ina, ntchito yolemetsa imene wagwira sabata imeneyo, ndi pamene pakumupweteka. Lamulo ndi limodzi lalikulu: amene wasewera gemu yathunthu saseweranso yathunthu masiku atatu asadadutse. Bonanza ikakhala ya masiku awiri timagawa anyamata, ena m'mawa, ena masana, ndipo okonza tikawapeza poyambirira timawapempha kuti magemu afupikitsidwe ndi kuti osinthana achuluke. Mpira wa dziko lonse udalola kale kusintha osewera asanu kuyambira 2020, nanga ife tikuumiriranji atatu pa gemu ya mbuzi?

Poyamba anyamata ankanama. Wina amabwera miyendo ili mbuu ndi fumbi la bwalo lina nkumati adali kumaliro. Tidagwirizana kuti wonena zoona sataya malo ake, koma wogwidwa bodza amakhala panja magemu awiri. Pano amaululana okha.

Chachiwiri ndi kutenthetsa thupi. Kale timatsika m'lole mpira utatsala mphindi zisanu, anyamata nkumenya mashoti awiri kwa goloboyi, basi yayamba. A mafizo adatiphunzitsa ndondomeko yotchedwa FIFA 11+, ya mphindi 20, yosafuna chida chilichonse koma mpira ndi malo. Muli kuthamanga pang'onopang'ono, kuima ndi mwendo umodzi uku mukuponyerana mpira, kudumpha nkutera mawondo atapindika osagwera mkati, ndi ija wina amagwada mnzake atamugwira akakolo, nkumagwera kutsogolo pang'onopang'ono kuti minofu ya kuseri kwa ntchafu ilimbe. Ataiyesa ku Norway pa atsikana osewera mpira pafupifupi 1,900, zotsatira zomwe zidatuluka mu 2008 zidaonetsa kuti kuvulala kudatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Imafunika kawiri pasabata, osati pa fainolo pokha. Masapota a matimu ena amatiseka, ati tikuvina tchopa. Asiyeni aseke.

Zina ndi zing'onozing'ono. Gemu isadayambe timayenda bwalo lonse ndi khasu, kukwirira maenje ndi kutola mabotolo osweka. Madzi amakhalapo chigubu chodzadza, ndipo zija amati madzi amalemeretsa wosewera tidazitaya. Amayi ogulitsa mafilizesi ndi madokotala athu oyamba: wina akabinya timagula atatu ouma, kukulunga pansalu, kuika potupapo kwa mphindi 15 kapena 20, kumanga bandeji ndi kukweza mwendo m'mwamba. Kuthowa ndi madzi otentha masiku awiri oyamba ayi, kumangoonjezera kutupa. Amene sangathe kuponda, kapena wamva kulira mkati mwa bondo, ulendo wa kuchipatala tsiku lomwelo, ndalama ya thiransipoti imachoka m'thumba la timu tisadagule ndi Fanta yemwe. Wogunda mutu nkuona chizungulire, kusanza, kapena kuiwala kumene tikumwetsa, tsiku limenelo mpira wathera pomwepo, ngakhale alire bwanji, ndipo akaonedwe ndi achipatala.

Mwana wa achemwali anga opaleshoni sadachite, ndalama zake sitikadazipeza. Mafizo adamuthandiza, akuyenda bwino, ndipo njinga adayambiranso kupalasa, maulendo afupiafupi a pamalo osakwera. Koma akati akhote mothamanga bondo limamuthawa. Ndidamutsegulira kabenchi ka nsapato pa Chitakale, ndipo kope la timu amasunga ndi iyeyo.

Mwezi wathawu tidafika semifainolo ya bonanza ina. Womwetsa zigoli wathu watsopano, kamnyamata ka Fomu 3, kadasewera gemu yonse dzulo lake. Chigawo choyamba chidatha tikutsalira 1-0, masapota ayamba kale kunditchula maina, ati bwana wagulitsa gemu. Magazi adandithamanga, ndidapita kubenchi nkunena kuti kalowe basi, mphindi 45 si kanthu. Wosunga kope adatsegula tsamba lake, nkuloza ndi chala.

"Ankolo, dzulo 90. Lachinayi adasenza njerwa tsiku lonse. Ndiye wanena yekha kuti katumba akukoka."

"Iwe, tituluka m'chikho!"

"Tituluke. Mukafuna kalowe, lembani nokha apa, musainire."

Adandipatsa bolopeni. Ndidaigwira kanthawi ndithu, kenaka ndidamubwezera nkukakhala pansi. Tidagonja 2-0, ndipo pobwerera m'lole simudali nyimbo. Loweruka likubwerali tili ndi gemu cha ku Nkando, kamnyamata kaja kayamba nawo, ndipo jombo zake za timano tatifupi zili m'chikwama changa muno.